Mpango Wopepuka, Gudumu Lolemera

Uthenga unandipeza Lamulungu m'mawa ndili pakhonde, lichero la nyemba pamiyendo, ndikuchotsa zofumbwa. Telefoni inalira m'thumba la juzi. Zilembo za dzina ndimachedwa nazo, koma chithunzi ndimachidziwa: Rukiya, mdzukulu wanga, mano onse pamtunda.

Poyamba sikunabwere mawu. Kunabwera mpweya wokha, wefuwefu.

"Anganga," anatero, "ndakhala wachiwiri. Andisankha."

Nthungululu inatuluka yokha. Lichero linagudubuzika, nyemba mbwee pabwalo, ndipo nkhuku za Abiti Ndala, mnansi wanga, zinadya Idi yawo tsiku limenelo. Sindinazithamangitse. Alihamudulilahi, nazonso zidye.

"Nanga amalume ako akuti chiyani?"

"Sananene kanthu, Anganga."

Pamenepo chimwemwe changa chinaima ndi mwendo umodzi. Ndikuuzani chifukwa chake, inu a ku Namacula, inu a ku Sanjala, ndi nonse amene mumacheza nane pano sabata ndi sabata. Lero tikamba za njinga.

Rukiya ndamulera ndine kuchokera pamene mayi ake anatisiya. Koma mwini mbumba ndi Saide, mwana wanga wamwamuna, mlongo wa malemuwo. Saide amalima mbatatesi ku Lione, ndipo amabwera nazo mumzinda panjinga yake yakuda, matumba kumbuyo, thumba lina pakati. Za mtsikana wothamanga panjinga sanazikonde chiyambire. Mwezi wathawu anadula mawu pakhonde pomwepa.

"Mpikisano uwu ndi womaliza. Akalephera, njinga abweze kwa eni ake, apite ku Lione akandithandize kumunda. Akapambana, tidzakambirana."

Inu mumamudziwa "tidzakambirana" wa mwamuna wa kuno. Si chitseko chotseka, si chitseko chotsegula.

Mpikisano wake amautcha kontra-relojiyo, ndiye kuti kulimbana ndi wotchi. Atsikana atatu ofulumira kwambiri ndi amene amatengedwa kukaimira chigawo chathu cha Niassa kutsogoloko. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Awa ayi. Amanyamuka mmodzimmodzi, uyu apite kaye, wina adikire, ndipo palibe wobisala kumsana kwa mnzake.

Ndinamufunsa kuti, "Nanga ukakhala wekha pamsewu, uthamangitsa ndani?"

Iye anati, "Palibe, Anganga. Ine, wotchi ndi mphepo."

Njingayo ndi ya gulu lawo, yobwereka. Inabwera ndi magudumu awiri akumbuyo kuti asankhepo limodzi. Lina la masipoko, lopepuka, lonyamulika ndi chala chimodzi. Linalo lotseka mbali zonse ngati chivundikiro cha mphika wa paukwati, lopanda poonera, ndipo likamazungulira limalira huu, huu, huu. Panalinso nyanga ziwiri zachitsulo zomangirira pachiwongolero, zoti aziika zigongono n'kuwerama ngati akupalira. Ndiye kapasete, chisoti cholimba chija, wa mchira wautali kumbuyo ngati chipanda.

Saide anafika Lolemba. Ananyamula gudumu ili, ananyamula ilo, anapukusa mutu.

"Mwana wathu amupatsa katundu, Amayi. Munthu wothamanga amatula, sasenza."

Anamanga magudumu onse awiri pakaliyala, ulendo wa kumsika, ine pambuyo ndi bondo langa lovutali. Abiti Ndala amagulitsa nyemba kumeneko, ndipo ali ndi balansa, sikelo ya mbale ziwiri. Saide anaika la masipoko uku, lotseka uko. Lotseka linangoti khu pansi.

"Che Saide," anatero Abiti Ndala, "izi tigula pa kilo kapena pa mulu?"

Bambo wina wogulitsa anyezi anati, "Lotsekalo ndipatseni ine, akazi anga azianikapo ufa."

Abiti Ndala anayamba kuthira nyemba mbali ya gudumu lopepuka. Anathira, anathira, mpaka kambale kodzaza, m'pamene balansa inaima pakati. Anthu anali atasonkhana. Aliyense anafuna kugwira, aliyense anafuna kunyamula, ndipo aliyense atanyamula ananena zomwezo: mwana atenge lopepuka, nyanga zachitsulo achotse, kapasete wa mchira abweze.

Saide anabwerera kunyumba chifuwa patsogolo. "Msika wonse wagwirizana."

Rukiya anatembenuka. Anandiyang'ana ine, n'kunena chapansipansi, "Msika wonsewo upalasa nawo Lamulungu?"

Madzulo ake kunabwera a Bonifasiyo, amene amaphunzitsa ana athuwa za njinga. Anakhala pampando, analandira tiyi, anamvetsera zonse osadula mawu.

"Che Saide, simukunama," anatero. "Ukanakhala mpikisano wokwera phiri lokhalokha, ine ndikanapala ngakhale utoto wa njingayi kuti ipepuke. Koma msewu wa Lamulungu mukuudziwa. Chitunda chachikulu n'chimodzi. Kwina konse n'kotambalala, kukwera pang'ono, kutsika pang'ono, ndipo mwera wayamba."

"Aphunzitsi, mitunda ine ndimaidziwa ndi ntchafu, osati ndi choko."

"N'zoona. Koma inu ndi matumba anu mumayenda liwiro loti mphepo imakupatsani moni n'kudutsa. Uyu akathamanga, mphepo imasanduka khoma. Akawonjezera liwiro pang'ono, khomalo limakula kwambiri. Masipoko amavundula mphepo ngati mthiko. Pa lotsekali imangotsetsereka. Nyangazi n'zolemera, inde, koma zimamupinda munthu kuti achepe pamaso pa mphepo."

"Mphepo munaiyeza pa balansa yanji?"

"Tilibe balansa yake. Tili ndi msewu ndi wotchi. Wotchiyo mugwire inuyo."

Anagwirizana choncho, ndipo apa ndiwayamike onse awiri. Lachiwiri Rukiya anapalasa msewu wonsewo ndi gudumu lopepuka. Lachitatu anaupalasa ndi lotseka. Saide anaima m'mbali ndi telefoni ya aphunzitsi m'manja, kuwerenga nthawi yekha kuti wina asamunamize.

Pachitunda, lopepuka linapambana. Rukiya mwini anavomereza kuti ndi lotseka ankamva ngati wina wamugwira malaya kumbuyo. Koma atafika kotambalala, lotseka linabweza zonse zimene linataya, n'kuwonjezerapo. Msewu wonse utatha, wotchi inasankha lolemera.

Saide sanabwere chimanjamanja ayi. Lachitatu lomwelo aphunzitsi anali atamuikiranso mwana gudumu lakutsogolo la m'mphepete motambalala, lomwe nalonso akuti limadula mphepo. Pamene mitengo ya paini imathera, mwera unamumenya cham'mbali, njinga inapepeluka, pang'ono n'kugwera mu ngalande. Rukiya ndi wochepa thupi. Aphunzitsi anati, "Kutsogolo tibwezeretse lopyapyala, lopepuka. Gudumu lofulumira lilibe ntchito ngati mwini wake ali m'dzenje."

"Ndimanena ine," anatero Saide, ndipo ananena katatu tsiku limenelo.

Kumbuyo lolemera, kutsogolo lopepuka. Ine ndinati nkhani yatha. Nkhani inali isanayambe.

Masiku awiri amenewo Saide sanangoona wotchi. Anaonanso zovala za gululo: manja aafupi, kabudula wa m'mawondo, khosi pamtunda. Lachinayi m'mawa anati, "Zanu za magudumu mwasankha. Yanga ndi imodzi. Avale mpango, manja ndi miyendo zisaoneke. Apo ayi, sapita."

Ine ndinavomereza, chifukwa ndi mmene tinakulira ndipo ndi mmene ndamulerera. Ndinawonjezanso changa. Kuzizira kwa kwathu kuno ku Lichinga mwezi uno mukukudziwa, kumalowa m'mafupa osagogoda. Ndinatulutsa juzi yaikulu imene ndinamulukira chaka chatha.

Saide anaika mpangowo pachikhatho n'kuuuzira. Unauluka.

"Ichi ngakhale balansa ya Abiti Ndala singachimve. Usandiuze kuti chikukulemera."

Rukiya anavala zonse, anapita kumsewu. Ine ndinakwera nawo kaliyala ya Saide kuti ndikaone. Ndinaona. Mpango ukuomba pansi pa kapasete, phaphapha, ngati mbendera ya pasukulu. Juzi yanga yafufuma, mwana wakula ngati anthu awiri. Miyendo ikupalasa, ikupalasa, msewu sukutha. Nthawi inaipa kuposa masiku onse.

Atafika kunyumba anakhala pansi, nsapato osavula.

"Anganga, zonse zimene gudumu lotseka linandipatsa, mpango ndi juzi zadya, n'kupemphanso zina."

Taonani tsono pamene tinafika. Akavala mpango, alephera, apita ku Lione. Akavula mpango, amalume ake samulola kunyamuka, apita ku Lione. Njira ziwiri, mudzi umodzi.

Saide anati, "Kansalu kameneka? Ndiwe waulesi lero basi."

Rukiya anagwada pang'ono monga mwa ulemu, n'kufunsa modekha. "Amalume, thumba la mbatatesi ndi lata limodzi, cholemera n'chiti?"

"Thumba."

"Nanga tsiku lija munanyamula malata a khola panjinga, mwera ukuomba, munafika nthawi yanji?"

"Usanditchulire malata iwe."

Tonse timaidziwa nkhani ya malata. Anafika dzuwa litapendeka, akukankha njinga, chigongono chili magazi, malata atapindika ngati makutu a galu. Munthu wokwera mitunda ndi matumba atatu anagwetsedwa ndi chinthu chonyamulika ndi dzanja limodzi. Saide anayang'ana kumbali. Kenako anati, "Komabe mutu sungakhale pamtunda."

"Sindinanene kuti ukhale pamtunda, Amalume."

Lachisanu, anthu atatuluka ku mzikiti, ine ndi Rukiya tinapita kwa Che Mussa, telala wa ku Sanjala. Tinagula nsalu yakuda yotamuka. Che Mussa anayeza mutu, anayeza khosi, akung'ung'udza kuti chiyambire ntchito yake sanasokerepo njinga. Anasoka kachipewa kogwira mutu wonse, kobisa tsitsi ndi makutu, kotsikira m'khosi n'kulowa m'kati mwa malaya. Palibe nsonga yotsala kunja yoti mphepo igwire. Anasokanso manja aatali ofika padzanja ndi miyendo yofika m'akakolo.

Saide anamuzungulira mwana, kuyang'ana uku ndi uku.

"Tsitsi silikuoneka. Khosi silikuoneka. Koma n'zothina."

"Zikapanda kuthina ndi juzi ija yabweranso," anatero Rukiya.

"Ndiye asananyamuke amange chitenje, akhale m'kapulana. Akangotsika panjinga, kapulana."

Ine ndinafunsa, "Aigwira ndani kapulanayo? Bondo langali silindifikitsa kumeneko kawiri."



"Ndigwira ine," anatero Saide.

Juzi yanga inagonja popanda mlandu. Rukiya anati aivala mpaka nthawi yonyamuka, kenako thupi lidziwotha lokha.

Chotsala chinali kamba. Pakhomo panga munthu satuluka ulendo chimanjamanja, ndipo inu nonse muli choncho, musandinamize. Loweruka ndinakazinga mtedza, ndinaphika mbatatesi, ndinadzaza botolo lalikulu la thobwa. Ndinamanga bwinobwino m'kansalu, n'kuyamba kufunafuna pomangirira. Njinga ija ilibe kaliyala, ilibe dengu, ilibe ngakhale belu.

Rukiya anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Anganga, sindikupita ku Cuamba. Ndikupita uko n'kubwera."

"Ulendo ndi ulendo."

"Mbatatesi ndidya m'mawa ndisananyamuke, ziyende m'mimba. Panjinga ndikatenga kabotolo kamodzi kamadzi."

Ndinaseka naye, koma kunena zoona mtima unandiwawa. Ndinaona ngati wakana dzanja langa. Kodi agogo amene sapatsa kamba ndi agogo?

Pamenepo m'pamene pali nkhani yanga ya sabata ino.

Ife anthu a kuno timakhulupirira dzanja. Khasu timagula ponyamula. Mphika timagula ponyamula. Nkhuku, kabichi, thumba la makala, zonse timayamba taziyeza m'manja. Si uchitsiru ayi, dzanja latipulumutsa kwa akuba ambiri. Koma chimene dzanja silimva, timati kulibe. Mphepo ilibe chogwirira, mphepo ilibe mulu, mphepo sikwera pa balansa. Ndiye msika wonse, anthu anzeru zawo, unanyamula gudumu n'kuweruza mlandu wopanda mboni yaikulu.

Ndipo chikondi chathu nachonso n'cha katundu. Taimani pokwerera shapa, minibasi zathu zija, tsiku lotsegulira sukulu. Mwana mmodzi, matumba anayi. Ufa, nyemba, bulangete lachiwiri, nkhuku yamoyo. Mayi akaona mwana akupepeluka ndi katundu, m'pamene mtima umakhala pansi, ati ndamukonda. Nthawi zambiri n'zoyenera, kumene akupitako kuli njala. Koma timafunsa kodi kuti ulendo wake ndi wotani? Kapena timangomanga chifukwa amayi athu ankamanga?

Musamve ngati ndikuti chopepuka n'choipa. Pachitunda paja gudumu lopepuka linapambana pamaso pathu. Musamvenso ngati ndikuti tulani zonse. Ndaona anyamata m'bairo muno, m'dera lathu lino, akuchotsa mabuleki ati njinga ipepuke, ndipo mmodzi tinakamuona kuchipatala mwendo uli m'mwamba. Kupepuka kwa mtundu umenewo n'kofulumira kumanda.

Sindikunenanso kuti mpango utayidwe. Mdzukulu wanga anathamanga mutu wophimba, ndipo adzathamanga choncho kulikonse kumene adzapite. Chimene tinasintha ndi kasokedwe, osati chikhulupiriro. Zinatitengera nsalu pang'ono ndi telala woleza mtima. Ndi atsikana angati m'Lichinga muno amene anasiya kuthamanga, anasiya mpira, anasiya njinga, chifukwa panyumba panalibe wofunsa kuti kodi sitingasoke mwina?

Chimene ndaphunzira n'chakuti msewu ndiwo umasankha. Msewu wa mitunda, tula. Msewu wotambalala wa mphepo, senza cholemera chimene chikudulira mphepo, n'kuchotsa chopepuka chimene chikuikoka. Mwera wa cham'mbali, samala kutsogolo. Ndipo musanakangane mpaka kusalankhulana, pitani kumsewuko mukayese, wokayikayo agwire wotchi.

Ine juzi ija ndinailuka ndi manja angawa, usiku ndi usana, ndipo m'dzanja langa siilemera kanthu. Inu munamuveka chiyani mwana wanu, chosalemera m'dzanja lanu, chimene iye akulimbana nacho msewu wonse?

Lamulungu masana Rukiya anafika atakwera galimoto ya gulu lawo, kapulana m'chiuno, milomo yosweka ndi mphepo. Anati anaposa wachitatu pang'ono chabe, kuphethira kwa diso. Anati pachitunda anafuna kulira, kotambalala anamva gudumu likuimba kumbuyo kwake. Anati atangotsika panjinga, amalume ake anamupatsa kapulana, n'kukwera njinga yawo, osauza munthu kumene akupita.

Tinayala mikeka. Tinateleka tiyi m'mphika waukulu. Ine khutu limodzi kwa alendo, khutu lina kumsewu.

Anabwera Abiti Ndala, atatseka benchi yake dzuwa likadali pamutu, akuti iye ankadziwa kale kuti lolemera ndiye labwino. Anabwera Che Mussa telala, tepi ili m'khosi, kufunsa ngati ulusi unagwira. Anabwera a Bonifasiyo ndi akazi awo a Joakina, atanyamula mabumi otentha omwera tiyi. Anabwera Sofiya wa ku Namacula, amene anakhala woyamba, ndi mayi ake a Lusiya, kudzafunsa za kachipewa kaja chifukwa cha mng'ono wake. Anabwera Zainabu ndi Mwanaisha, anzake a kumadarasa, akuimba parabenzi, nyimbo ya mafuno abwino, kuyambira pamsewu. Anabwera Abiti Kalonga wa pachitsime, anabwera Abiti Saizi ndi mapasa ake, anabwera Che Ajasi osaona bwino aja, atagwira phewa la akazi awo a Patuma. Anabwera a Fernando a anyezi, omwe ankafuna kuanika ufa. Anabwera Amina, anabwera Halima, anabwera Tereza, anabwera Esinati.

Dzuwa litapendeka, njinga yakuda inaima pampanda. Mwini wake anavula nsapato, anakhala pakhomo, analandira kapu ndi manja awiri. Anamwa theka. Kenako anayang'ana mwana wa mlongo wake.

"Ku Lione ndikumba ndekha. Iwe ufunse aphunzitsi ako za msewu wa kumene mukupitako, ngati uli ndi mitunda."

Ameneyo ndi Saide. Naye anabwera.